Sitandi ya Njinga ya Amake Tadala

Anthu akandifunsa kuti ku Joni ndinabwerako ndi chiyani, ndimawauza zoona: chitsulo chofiira chomwe lero nkhuku zimagonapo. Anzanga anabwera ndi mafiriji. Wina wa ku Kabudula anabwera ndi mkazi wamtali moti polowa m'nyumba amachita kupindika pawiri. Ine chitsulo. Sekani, koma pang'onopang'ono, chifukwa nkhani yake inatsala pang'ono kundichotsa pamudzi.

Kwathu ndi ku Mpingu, koma ndinakwatira kuseri kwa Nsaru, ndiye ndine mkamwini. Nyumba umamanga ndiwe, munda umalima ndiwe, koma tsiku loti atopa nawe umanyamula bulangete lako basi. Ngakhale galu amene unabwera naye amakuperekeza mpaka pamsewu, kenako amabwerera.

Tsiku lonyamuka, mwana wathu Tadala anali adakali kumsana. A Gomani, amalume awo a akazi anga, eni mbumba, anandigwira dzanja nthawi yaitali mpaka linayamba thukuta.

"Akamwini, mwati chaka chimodzi eti?"

"Chimodzi chokha, malume."

"Chabwino. Kungoti kuno khasu sitisiya pansi. Mpini ukasowa timaika wina."

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Chaka chimodzicho chinabereka ana, zinakwana zinayi.

Ntchito ndinaipeza pagaraja ya njinga zamoto. Osati izi zathu za kabaza. Zinjinga zoti ukaziliza kumeneko, mbuzi za ku Namitete zimadzuka. Ntchito yanga inali kutsuka, kukankha ndi kuzikweza pa sitandi kuti amakaniko azigwira bwino. Sipanala sankandipatsa. Tsiku lina ndinangoigwira kuti ndione kulemera kwake, bwana anakuwa ngati ndanyamula mwana wake chadodolido.

Tinkagona anthu asanu m'kachipinda kuseri kwa garajayo. Wina akafuna kutembenuka ankayamba walengeza, tonse n'kutembenukira pamodzi ngati zitumbuwa. Kuzizira kwa kumeneko sikugogoda, kumangolowa n'kukhala nawo pabulangete. Galimoto ya apolisi ikangotulukira pakona, ndinkathamanga liwiro loti chithunzithunzi changa chinkafika mawa lake. Mkulu wathu m'chipindamo anali a Chisale a ku Nambuma, owotcherera zitsulo. Iwowa anafika ku Joni migodi isanakumbidwe, mwina ndiwo anawaloza azungu pokumba. Sankayankhula kwambiri. Ukanena zopusa ankangokuyang'ana kudzera pamwamba pa magalasi mpaka uzimve wekha.

Chaka chachiwiri ndinatumiza ndalama yogulira njinga yamoto, kuti alamu anga a Yohane azichita kabaza pa Nsaru, banja lizidya. Ndinalamula kuti pamadigadi alembepo kuti AKAMWINI ALI MOYO, a Gomani aziwerenga. Lamulungu lililonse amake Tadala ankanditumizira chithunzi cha njingayo itatsukidwa, ine n'kumazungulira nacho garaja yonse. Ngakhale alonda anatopa nacho.

Ndiye Lamulungu lina kunabwera chithunzi china. Njinga yapendekera mbali, tayala lakumbuyo lili m'mwamba, ndipo m'mphepete mwa chithunzicho muli manja. Manja aamuna. Limodzi pahandulo, lina pakaliyala. A Yohane manja awo ndimawadziwa, ndi timitengo ta chinangwa. Awa anali mafosholo, okhala ndi wotchi.

Ndinaimba.

"Amake Tadala, kodi manja awa ndi a ndani?"

"A Sitefano."

"Sitefano wake uti?"

"A ku esiteti ya fodya, matenanti aja anachokera ku Mulanje. Sitandi yapakati inathyoka pamsewu wa ku Kabudula. Tawotcheretsa kawiri, ikungothyokanso. Ndiye pothira oyilo tcheni pamafunika munthu wopendeketsa njinga kuti tayala lizizungulira."

"Nanga a Yohane?"

"Ali bwino, akupereka moni."

"A Sitefanowo ali pabanja?"

"Akazi awo anamwalira. Koma mwadya inu?"

Kudya kunathera pomwepo. Kuyambira tsikulo ndinalibe pokhazikika. Ndikakhala pansi ndinkafuna kuima, ndikaima ndinkafuna kuyenda. Njinga imodzi ndinaitsuka katatu, ina yamatope ndinaibweza kwa mwini wake ndi matope ake omwe. Chithunzi chija ndinachikulitsa mpaka ndinadziwa nthawi yomwe inali pawotchiyo. Itatsala pang'ono folo koloko. Ndiye Lamulungu lililonse ikamakwana folo, ndinkasiya chilichonse n'kuyambanso kuyang'ana chithunzicho.

Patapita masabata angapo kunafika katundu wochokera kumudzi, kudzera kwa anyamata amene amayenda ndi mabasi aja. Ufa woyera, mtedza, usipa pang'ono. Pansi penipeni panali kapepala kokulunga, m'kati mwake muli ulusi wosokera matumba a feteleza. Ulusiwo unali ndi mfundo zitatu.

Che Twaibu, mnzathu wa ku Mangochi, analumpha kuchoka pamatiresi mpaka pakhomo osaponda pansi.

"Mfundo zitatu? Aise, wamangidwa. Yoyamba ndi miyendo kuti usabwerere, yachiwiri ndi pakamwa kuti usafunse. Yachitatu sindinena, pali akuluakulu."

Tsiku lomwelo amake Tadala anali atanditumizira mawu pafoni, aatali ngati ulaliki wa pa Khirisimasi. Ndinayamba kumvera. Moni, Tadala wachoka dzino, mvula yavuta. Kenako chapatali kunamveka kutsokomola, ndi mawu okhuthala akuti, "Ndigwirebe kapena ndisiye?" Ndinaimitsa pomwepo. Ndinabwereza kachigawo kameneko mpaka batire inatha. Zimene ananena kutsogoloko sindinazimve, ndipo sindinazifune.

Ulusi uja ndinaunyamula ndi kamtengo kukautaya kumpanda. A Chisale ananditsatira, anautola ndi manja, anautambasula, n'kumayang'ana mfundozo.

"Uwu ndi muyezo," anatero.

"Wa bokosi langa eti?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, anaupinda bwinobwino n'kuuika m'thumba la ovolosi.

Nzeru inandibwerera ndikukweza chinjinga china pa sitandi. Ndinadina kamodzi, tayala m'mwamba, popanda wogwira. Ndinati ohoo. Munthu uyu akulowa pakhomo panga chifukwa njinga ilibe poimira. Ndikagula sitandi, ntchito yake yatha. Palibe ndewu, palibe kwa ankhoswe. Ndimuchotsa ntchito ndi chitsulo.

Loweruka masana ndinawakoka a Chisale kupita kusitolo ya zipangizo za njinga. Abale, masitandi alipo padziko. Inalipo ina ngati tebulo, yoti njinga yonse imakwera pamwamba iwe ukupopa ndi phazi. Kulemera kwake ng'ombe ziwiri ndi mwini wake. Inalipo ina ngati kampando kachitsulo, yolowetsa pansi pa injini, yakuda, yonyansa ngati mbaula. Inaliponso yapakati wamba, ya miyendo iwiri, ngati yomwe inathyokayo. Ndiye pakona panali iyo. Yofiira, yonyezimira, yopindika ngati nyanga za ng'ombe, ya timatayala tiwiri uku tiwiri uku, ndi chogwirira chachitali kumbuyo. Ya njinga za mpikisano. Inandiyang'ana, nane ndinaiyang'ana.

"Usanagule," anatero a Chisale, "njingayo kumbuyo kwake n'kotambalala bwanji?"

"Ngati njinga."

"Pansi pomwe azikonzerapo pali simenti?"

"Pali dziko la Malawi."

"Azidina ndani?"

"Aliyense, bola asakhale wa wotchi."

"Iyi imakola pa timabatani tachitsulo tomwe zinjinga zazikuluzi zimakhala nato kumbuyo. Yakwanuyo ili nato?"

"Mdala, njinga ndi njinga. Matayala awiri basi."

"Tenga yapakati. Kapena ndipatse masabata awiri ndikupangire yokwana, muyezo ndili nawo."

Ndinakana. Munthu wakhala zaka zinayi kunja akatsike basi ndi miyendo iwiri yachitsulo yakuda, yoti ngakhale pa Nsaru ungaipeze? A Gomani akati chiyani? Ndinkafuna chinthu choti a Sitefano akachiona, wotchi yawo iime. Ndinagula yofiirayo. A Chisale anangoti, "Chabwino, nkhuku zikathokoza." Nthawi imeneyo sindinamve.

Poyamba ndinkati ndingoitumiza. Koma ndinaganiza kuti ikafika, adzaitsegula ndani? Manja omwe aja. Ndiye ndinatsanzika bwana, ndinakwera basi, osauza munthu kumudzi. Ndinkafuna ndikawapeze momwe alili.

Ulendo wonse sitandi inali pamiyendo panga, chifukwa kumabuti ndinkaopa kuti ikalika. Pachipata chilichonse cha m'malire ankandifunsa kuti ndi chiyani. Pena ndinati ndi njinga ya wodwala yosamaliza. Pena ndinati ndi khasu la masiku ano. Mu minibasi yochokera ku Lilongwe mayi wina anati ndi wilibala yomwe yabedwa beseni, kondakitala n'kunena kuti chilichonse cha matayala chimalipira mpando.

Ndinatsika pa Nsaru tsiku la msika, dzuwa lili pamutu. Fumbi lomwe lija, sitolo ya Che Amidu yomwe ija, kungoti aipaka utoto wina. Ndikuyang'anayang'ana kabaza, ndinaona njinga ikubwera itasenza madengu a tomato mpaka kumwamba. Pamadigadi: AKAMWINI ALI MOYO. Woyendetsa wavala chipewa chotseka nkhope, jekete lalikulu ndi magambuti. Ndipo sanali a Yohane, chifukwa a Yohane akakhala panjinga amaoneka ngati malaya oyanikidwa.

Magazi anandithamangira kumutu. Ndinati Sitefano wafika poyendetsa njinga yanga. Ndinaimirira pakati pa msewu, sitandi m'mwamba ngati nkhwangwa. Njinga inaima chala chimodzi kuchokera pabondo langa.

"Tsika, Sitefano. Mwini wake wabwera."

Woyendetsayo anazimitsa injini, anavula chipewa mosafulumira. Duku. Ndolo zomwe ndinatumiza ndekha.

"Bambo a Tadala," anatero akazi anga, "chokani pamsewu, tomato akupsa."

Msika wonse unaima. Ogulitsa kaunjika anasiya kuitanira. Ndikukhulupirira kuti ngakhale mbuzi yomwe inali pachiwaya inadzutsa mutu.

Anatsitsa tomato kwa makasitomala awo, ine nditaima ngati mtengo wa magetsi. Kenako anati, "Kwerani." Ndinalowa m'mudzi mwa eni ake nditakhala kumbuyo kwa mkazi wanga, chitsulo chofiira chili paphewa, ndikugwira jekete lawo pamabampu. M'njira ndi momwe ndinamva zonse. A Yohane anaigwetsa njingayo kawiri m'mwezi woyamba, kachitatu anakaigwetsera m'dimba la eni, kenako anapita ku Chipata kukafuna ntchito. Amake Tadala anaidzutsa okha, anaphunzira kuyendetsa pabwalo la mpira, kukonza anaphunzira poonerera amakaniko a pa Nsaru.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndinakuuzani m'mawu a pafoni aja, tsiku lomwe ulusi unakufikani. Zonse ndinanena. Mfundo yoyamba mpaka yachiwiri, kutambalala kwa pomangira sitandi. Yachiwiri mpaka yachitatu, kutalika kwake kufika pansi. Ndinati mundipezere yapakati, yolimba, chifukwa za kuno zikuthyoka. Simunamvere?"

"Netiweki," ndinatero.

Anangolowa m'bampu lina mwadala.

Kunyumba Tadala anandiyang'ana n'kuthawira kuseri kwa amake. Anafunsa ngati ndine wogula soya. A Gomani anabwera madzulo ake, anandipatsa moni wa alendo, wa manja awiri, wopanda mano.

"Mwabwera kudzacheza, akamwini, kapena mwabwera?"

Ndinati tiona. Kunena zoona, nanenso sindinkadziwa. Thupi linali pa Nsaru, koma miyendo inkangofuna msewu.

Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinalengeza kuti anthu abwere adzaone momwe amakonzera njinga kunja. Anabwera. A Gomani pampando wawo, apongozi anga aakazi chapatali kuseri kwa nkhokwe monga mwa ulemu, koma diso lili kuno. Ndinaipukuta sitandi ija ndi malaya anga. Ndinaikankhira kumbuyo kwa njinga.

Nyanga zake zinadutsa uku ndi uku osakhudza kanthu. Njinga yathu inali pakati ngati mwana wavala nsapato za bambo ake. Timabatani tija a Chisale ankanena, palibe. Mbali ina kunali ekizozi, mbali ina chotchinga tcheni. Ndinati palibe vuto, ku Joni timapanga chonchi. Ndinakulunga zigamba za matayala, ndinamanga ndi lamba wanga, ndinadina chogwirira. Timatayala tija tinalowa mumchenga ngati tikufuna madzi. Ndinadinanso ndi mphamvu zonse za zaka zinayi. Njinga inanyamuka pang'ono, inaganiza, kenako inagona chammbali pamwamba pa beseni la oyilo.

Palibe anaseka. Zikanakhala bwino akanaseka. Kuseri kwa nkhokwe kokha ndi komwe kunamveka ngati munthu watsamwa.

Nthawi yomweyo kunamveka "Odi." Ndinayang'ana dzuwa. Folo koloko.

A Sitefano ndinkawaganizira ngati chimphona. Anali bambo wamfupi, wa imvi pang'ono, malaya otsukidwa bwino, kungoti manja okha ndiwo anabwereka kwa munthu wina. Anavula chipewa, anandipatsa moni mogwira mkono.

"Mwafika bwino, bambo? Timamva mbiri yanu pamadigadi."

Anaidzutsa njinga ija ngati akudzutsa mwana, n'kuima pambali, kudikira. Amake Tadala anamanga chitenje pamwamba pa buluku, anatenga chitini chawo cha masipanala, anagwada pafupi ndi tayala. Sanayang'ane aliyense.

"Tcheni chikufuna oyilo, mawa ndili ndi ulendo wa ku Nambuma. Agwire ndani?"

Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kanthu koseketsa. A Gomani ndiwo anayankhula.

"Akamwini, tisabise. Bambo awa anabwera kwa ine kawiri, mwaulemu, kudzafunsa ngati pakhomo pano pali munthu. Kawiri konse mwana wathuyu anati alipo. Ine ndinati kachitatu ndiyankha ndekha. Ndiye funso lamveka. Agwire ndani?"

Ndinavula jekete la ku Joni. Ndinagwira handulo, ndinagwira kaliyala, ndinakoka. Njinga inangoti gwede, tayala lili pansi.

"Pondani kamwendo kam'mbaliko, bambo," anatero a Sitefano chapansipansi. "Musakoke ndi manja, kokani ndi msana. Muigoneke pantchafu. Eya, choncho."

Tangoganizani. Munthu amene ndinawolokera mayiko atatu kudzamuchotsa ntchito ndi amene anandiphunzitsa ntchitoyo. Tayala linanyamuka. Amake Tadala anayamba kulizunguza, oyilo akudontha pa tcheni pang'onopang'ono, ngati alibe kopita. Pagaraja paja ndinakweza njinga mazanamazana, koma sindinagwirepo ngakhale imodzi ndi thupi langa. Thukuta linalowa m'maso. Ntchentche inatera pamphuno n'kumanga nyumba.

"Mwatopa?" anafunsa akazi anga ali pansipo, mutu uli pafupi ndi tayala. "Mukatopa nenani, alipo ogwira."

"Ndani watopa? Thirani wina oyiloyo. Masulani ndi injini yomwe."

Anamangitsa tcheni, anayang'ana mabuleki, anayamba kugogoda masipoko imodziimodzi, zomwe ndikudziwa kuti sizinkafunika tsiku limenelo. Pamene anati "Tsitsani," dzuwa linali litasuntha, ndipo a Sitefano anali atavala chipewa chawo. Anatsanzika aliyense ndi dzina. Sanabwerenso Lamulungu. Tikakumana pamsika timapatsana moni, ndipo sindinama, ndimayamba ndine.

Sitandi yofiira tinaiika kuseri kwa khitchini. Sabata isanathe nkhuku zinali zitagawana malo.

Patatha mwezi, Che Amidu ananditumizira uthenga kuti pasitolo pawo pafika katundu wanga wochokera ku Joni. Ndinapita ndekha. Munali sitandi yapakati, yakuda, yolemera, yowotcherera ndi dzanja lomwe ndimalidziwa. Pamwendo wake anamangirirapo ulusi uja, mfundo zake zitatu zili momwemo. Panalinso kapepala. A Chisale salemba zambiri: "Iyi ikwana. Bwana akuti malo ako alipo mpaka mwezi uthe."

Ndinakhala pakhonde la sitoloyo nthawi yaitali, ndikuyang'ana maminibasi a ku Lilongwe akudzaza n'kunyamuka. Miyendo inkayabwa, musandifunse. Ndikanangomanga mabawuti awiri, njinga ikanaima yokha, ine n'kukwera basi ndi mtima woyera. Ndinayeza ndi maso. Inali yokwana ndendende.

Ndinafika nayo kunyumba amake Tadala ali ku Kabudula. Ndinalowa m'chigafa chakale cha fodya, ndinaikwirira pansi pa mapesi. Mwezi unatha. Wina unathanso. Lamulungu lililonse folo koloko ndimaponda kamwendo, ndimakoka ndi msana, Tadala amakhala pambali kuwerenga kuti aone ngati nditsitse asanafike handiredi. Ntchafu yanga yakumanja tsopano ndi yaikulu kuposa yakumanzere, thalauza ndimachita kusoketsa mwapadera.

Dzana ndinalowa m'chigafamo kuti ndione ngati dzimbiri layamba, poti mvula yayandikira. Ndinafukula mapesi. Ndinaipeza itapakidwa girisi bwinobwino, mwendo uliwonse, itakulungidwa m'thumba la feteleza, itabwezedwa pamalo pomwepo. Ulusi wokha ndi umene panalibe.

Ndinatuluka. Amake Tadala anali pabwalo, atagwada kale pafupi ndi tayala, chitini cha masipanala chili pambali. Pachogwirira cha chitinicho panali patamangidwa ulusi wa mfundo zitatu.

"Mukufuna chiyani m'chigafa?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Mazira. Nkhuku ina ikuikira kumeneko."

"Mwawapeza?"

"Ayi."

"Ndiye bwerani mudzagwire."